Wotchi ya m'Kaseti ya Bambo

2 Malichi
Kalata ya 112

Mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kunjako. Ine ndili bwino, kupatula bondo lakumanzere lomwe layamba kukana masitepe. Kale ndinkakwera onse 14 a panyumba pano osapuma. Tsopano ndimapuma pa sitepe yachisanu ndi chinayi.

Lero ndi tsiku la 73 chilandirireni kalata yako yomaliza. Usandiuze kuti umayimbira foni mlongo wako, chifukwa mawu a pafoni sindingawayike m'faelo. Lemba pa kompyuta yakoyo, iye asindikize kuntchito kwawo ku sitolo ya mankhwala n'kundibweretsera. Zanga azizijambula ndi foni n'kukutumizira, monga timachitira. Njira imeneyi sinatigwiritsepo fuwa la moto.

Mlongo wako wandiuza kuti wapatsidwa ntchito yopeka nyimbo za filimu yayitali, yoyamba pamoyo wako, ndipo wabwera ndi pepala loti ndisayine kuti ugwiritse ntchito liwu la malemu bambo ako la m'kaseti ija. Ndaliwerenga kawiri ndipo ndasayina. Ndakondwa. Ndalemba poyera kuti ndakondwa chifukwa nonse awiri mumati nkhope yanga sisonyeza.

Koma zoti nkhani yotere ndiyimvere kwa munthu wina sindinazikonde. Ndinaphunzitsa masamu zaka 36, ndinapopa limba la kwaya zaka 41. Sindine munthu wongomuuza kuti "zikhala bwino, amayi." Ndiuze kuti nyimboyo wayiyika pa kiyi yanji, ikuyenda liwiro lanji, oyimba ndi angati, ndipo mujambula liti. Utumizenso kachidutswa ndimve.

Uzidya pa nthawi yake.

Mayi ako


5 Malichi

Amayi,

Kalata ya 112 yafika, pamodzi ndi chikwapu chake. Pepani. Ine ndili bwino, kungoti tulo n'tochepa. Bondolo mupite nalo kwa dokotala, musamangoliwerengera masitepe.

Filimuyi ndi ya nkhalamba ina ya mufakitale ya magalasi imene akuyipumitsa ntchito. Pakatikati pali malo pomwe nkhalambayo ikuyenda kuchoka pa makina ake kukafika pageti, tsiku lomaliza, osayankhula ndi munthu. Ulendowo ndi wa mphindi zitatu ndi masekondi 12. Pamenepo ndi pomwe ndayika bambo. Nyimbo yawo ija yopanda mawu, yomwe ankayimba popala matabwa, ikuyamba yokha. Kenako mavayolini akulowa pansi pake, kenako zitoliro ndi malipenga, mpaka oyimba onse 48.

Mwafunsa manambala, nawa. Kompyuta yayeza liwu la bambo: kugunda 72 pa mphindi, kiyi ya G. Zonse ndazimanga pa ziwirizi. Nyimbo yomwe ikumveka bambo asanalowe ikuthera pa D. Inu mukudziwa kuti D ndi G n'zapachibale, zimasiyana noti imodzi yokha, ndiye bambo akulowa popanda msoko womveka. Yotsatira ili pa C, m'bale winanso. Dayirekitala, mwini ntchito yonseyi, ndi mayi wovuta amene sayamika kanthu, mwina mungagwirizane naye. Atamva anangoti, "Usakhudzenso." Akudula zithunzi motsata kugundako, moti phazi la nkhalamba likuponda pansi pa kugunda kulikonse. Zithunzi azitseka pa 15, zikatero sizisinthanso. Oyimba tiwajambula pa 24, tsiku limodzi lokha.

Kope lomwe achemwali ananditumizira kalekale linali ndi phokoso lambiri: mphepo, galimoto, ndi kena kake kogogoda kumbuyo. Zonsezo ndazitsuka, kwatsala liwu loyera. Kachidutswa kali pafoni ya achemwali.

Amayi, maliro aja sindinabwere, mapepala a ulendo atandikanika, ndipo nkhaniyi sitinayikambepo bwinobwino. Zaka zisanu ndi zinayi zonsezi ndakhala ndi kasetiyi basi. Chimene chimanditonthoza n'chakuti anayijambula kutatsala miyezi isanu kuti amwalire, koma akumveka amphamvu, opepuka, ngati mnyamata. Ndimati, kodi sanavutike kwambiri eti. Dzina lawo lidzalembedwa kumapeto kwa filimu. Kalipentala wa kuseri kwa msika, pa chinsalu chachikulu.

Mwana wanu


9 Malichi
Kalata ya 113

Mwana wanga,

Moni. Ndili bwino. Werenga kalatayi mpaka kumapeto usanakwiye.

Kachidutswa kaja ndakamva. Mavayolini wawalemba bwino kwambiri, makamaka pomwe akutsika liwu likamakwera. Koma amene akuyimbayo si bambo ako.

Bambo ako nyimbo imeneyi ankayiyimba pa F. Tsiku lojambula ndine ndinawapatsa noti yoyambira pa limba, ndipo inali F. Noti yapamwamba ya nyimboyi akanayitenga pa G sakanayifika, ngakhale asanadwale. Liwiro lawo linali 64, liwiro la dzanja lawo popala thabwa. Ndinakhala nawo zaka 44, ndinaliwerenga kosawerengeka.

Ukhoza kunena kuti ndakalamba, makutu atopa. Ndiye tasiya makutu anga, titenge wotchi. Chogogoda chomwe watsukacho ndi wotchi ya pakhoma la pabalaza, yomwe ija ya mkombero wakuda. Idakali pomwepo. Imagunda kamodzi pa sekondi, ndipo m'mawa uliwonse ndimayiyerekeza ndi nthawi ya pawayilesi. Dzulo ndinatulutsa kaseti yeniyeniyo m'dirowa, n'kuyiseweretsa ndikuyang'ana muvi wa masekondi. Ndinawerenga kugunda kwa wotchi ya m'kaseti pa mphindi imodzi ya wotchi ya pakhoma. Ndinachita kasanu: 67, 68, 67, 68, 67. Ndinayesanso ndi kope losatsuka lomwe lili pafoni ya mlongo wako, n'chimodzimodzi. Wotchi imodzi singagunde 60 pakhoma n'kugunda 67 ndi theka m'kaseti.

Chinachitika n'chakuti tsikulo magetsi anali atazima, tinajambula ndi mabatire, ndipo mabatirewo anali ofooka. Tepi inkayenda pang'onopang'ono pojambula. Ukayiseweretsa pa makina abwino imathamanga, ndipo chilichonse chimakwera. Gawa 67 ndi theka ndi 60, kenako uchulukitse ndi 64. Upeza 72 wakoyo. F naye wakwera n'kukhala G. Kompyuta yako sinaname, yangoyeza molondola chinthu cholakwika.

Ndikudziwa tanthauzo lake. F ndi D zimasiyana manoti atatu, msoko uja umveka. Nyimbo italika kufika mphindi zitatu ndi masekondi 36, ndiye phazi la nkhalamba yakoyo liphonya kugunda. Koma lero ndi pa 9. Zithunzi azitseka pa 15. Uli ndi masiku asanu ndi limodzi oti uyankhule ndi dayirekitala, ndi masiku 15 oti ulembenso mapepala a oyimba. Nthawi ilipo ukayamba mawa.

Ngati dzina lawo lilembedwe pa chinsalu, likhale pansi pa liwu lawo.

Mayi ako


26 Malichi

Gogoda,

Uli bwanji, bwana wa mavayolini? Kuno ana ali bwino, alamu ako akupereka moni. Ndamva kuti dzana zinayenda bwino. Ndikulemba m'malo moyimba chifukwa ukanandidulira foni ndisanamalize, ndipo ukanalondola.

Pansi pa kalata ino pali masamba atatu a amayi. Uyang'ane deti lake. Akhala m'chikwama changa masiku 17, pakati pa makiyi ndi mapepala a odwala.

Ndinawerenga ndisanajambule, ndivomere. Nditafika pa "si bambo ako" ndinangopinda. Ndinakumbukira uli ndi zaka khumi, tsiku lija unayimba piyano pamaso pa sukulu yonse, anthu n'kuwomba m'manja, amayi n'kukupatsa kapepala ka zolakwa zisanu ndi ziwiri tili pa basi. Unakhala mwezi osakhudza piyano, ngakhale kugogoda patebulo komwe kunakupatsa dzinali unasiya. Ndinati ayi, ulendo uno mwanayu ajambule kaye nyimbo yake mumtendere. Za manambalazo sindinazimvetse, ndinkayesa ndi kapepala kena ka pa basi.

Tsiku lililonse amayi amandifunsa kuti, "Wayankha?" Ine n'kumati, "Watanganidwa." Dzulo masana ndangoona atulukira pa kauntala, ndi bondo lawo lomwelo, atakwera mabasi awiri. Anayima pamzere ngati wodwala aliyense. Itafika nthawi yawo anati, "Sindikufuna mankhwala, mayi. Ndionetseni pafoni yanu pomwe munatumiza 113."

Ndinati, "Amayi, tikakambirane kunyumba."

Anati, "Kumbuyo kwanga kuli anthu anayi okha, adikira."

Nditawauza zoona sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ajambula?" Ndinati dzulo. Anagwira kauntala ndi manja onse awiri, kenako anapempha mpando. Gogoda, amayi kupempha mpando pagulu, unaonapo?

Ngati ndakuwonongera kanthu, undikalipire ine. Koma uwayankhe.

Achemwali ako


27 Malichi

Amayi,

Moni. Ndili moyo.

Kalata ya 113 ndayiwerenga lero m'mawa, patatha masiku atatu oyimba 48 atanyamula zida zawo n'kupita. Zithunzi zinatsekedwa pa 15. Palibe chomwe chingasinthe tsopano, ndiye sindikudziwa kuti masamu anuwo ndichite nawo chiyani.

Achemwali analakwa, koma ndikumvetsa chomwe ankaopa. Pa 24 woyimba vayolini wamkulu, munthu wa imvi amene wajambula mafilimu kuposa zaka zanga, anabwera kudzandigwira dzanja n'kufunsa kuti woyimbayo ndi ndani. Ndinati ndi bambo anga. Tsiku limenelo ndinkafuna ndikulembereni. Lero ndikupeza kuti munali mutandilembera kale zolakwa.

Makaseti akale onse amasiyana liwiro pang'ono, zimenezo aliyense wa ntchito yathu amadziwa. Wotchiyo sindinayiwerenge ndipo sindiyiwerenga. Liwu la bambo anga ndimalidziwa. Ndalimva m'mawa uliwonse kwa zaka zisanu ndi zinayi, pomwe inu kasetiyo inali m'dirowa.

Ndipo ndifunse. Ngati mumadziwa za mabatire, bwanji simunanene pomwe achemwali ankanditumizira kope? Bwanji simunanene posayina pepala? Munadikira kuti ndimange kaye nyumba yonse kuti mudzandiuze za maziko?

Bambo akhala m'filimu monga alili. Chinthu chimodzi chokha mundisiyire osachichonga ndi cholembera chofiira.

Ine


30 Malichi
Kalata ya 114

Mwana wanga,

Moni. Wafunsa mafunso atatu, ndipo yankho lake ndi limodzi. Ndikanayenera kulilemba mu 113, koma ndinalemba kuti "mabatire anali ofooka" ngati anafooka okha popanda mwini.

Linali Lachinayi, cha m'ma 10 m'mawa. Bambo ako anadzuka ndi kamphamvu, navala malaya awo a kolala, nati akufuna akujambulire nyimbo ija. Magetsi kunalibe. Atayatsa wayilesi ya kaseti anayang'ana kanyali kake nati, "Aphunzitsi, mabatirewa atopa ngati ine. Tagulani ena."

Ine ndinali ndi kabuku komwe ndinkalembamo maola a mabatire. Ndinatsegula n'kunena kuti, "Agwira maola asanu ndi anayi, amayenera kugwira 12. Atsala ndi atatu."

Anaseka nati, "Chabwino, buku lanena."

Sitolo ili pa mapazi 210 kuchoka pakhomo pathu. Sindinapite. Sanayimbenso nyimbo imeneyo mpaka kumapeto, mpweya sunkawalola.

Kasetiyo ndinayimva koyamba patatha sabata tiwayikire m'manda. Ndinadziwa pa noti yoyamba. Ndinayizimitsa n'kuyitsekera m'dirowa. Mlongo wako atayitenga kukapanga kope lako, ndinati ndikuuza ukayimva. Ndiye unayankha, kalata yako ya 31 m'faelo langa, kuti, "Bambo akumveka amphamvu, mtima wanga wakhala pansi." Ndinakusiya nalo bodzalo chifukwa linkakutonthoza, komanso chifukwa linkandibisa ine. Posayina pepala ndinadzinamiza kuti makina ako azindikira okha n'kukonza, ine osanena kanthu. N'chifukwa chake ndinafunsa kiyi ndi liwiro.

Bambo ako sanali amphamvu tsiku limenelo. Anavutika, mwana wanga. Anayimba atagwira m'mphepete mwa tebulo, ndipo anayimbira iwe.

Za kapepala ka pa basi mlongo wako wandikumbutsa. Zolakwa zinalidi zisanu ndi ziwiri. Manoti omwe unayimba bwino anali oposa 400, koma amenewo sindinawalembe.

Chilolezo changa sindichichotsa. Filimu ndi yako, ntchito ndi yako, ndipo ine ndi amene ndinalakwitsa, osati iwe. Sindikupempha kuti usinthe kanthu. Ndimangofuna kuti tsiku lina, filimu itatha, ubweze liwirolo mpaka wotchi igunde 60, umve bambo ako.

Mayi ako


8 Epulo

Amayi,

Muli bwanji? Bondo likuti bwanji? Pepani kuti ndakhala chete.

Kalata ya 114 ndinayiwerenga nditayimirira pakhomo la situdiyo. Ndinakhala masiku awiri osatsegula kope losatsuka lija. Lachitatu nditatsala ndekha masana, anzanga atapita kukadya, ndinalitsegula. Ndinawerenga ndi chala patebulo. 67. Ndinabwerezanso. 68. Ndinayamba kutsitsa liwiro pang'onopang'ono mpaka wotchi inagwirizana ndi ya pafoni yanga.

Amayi, ndinali nditawayiwala. Liwu lija lokandapala, lokhala ngati likuchokera pansi pa thabwa, lomwe linkandidzutsa Loweruka. Zaka zonsezi ndakhala ndikulira munthu wina. Chakumapeto pali pomwe akuyima kuti akoke mpweya. Pa liwiro lija kankangomveka ngati kakudumpha ka tepi, moti ndinakadula. Apa mukuwamva akulimbana nawo mpweyawo, kenako n'kupitiriza.

Ndinapita kwa dayirekitala ndi makope onse awiri. Anamvetsera mpaka kumapeto, ndimuyamikire pamenepo. Kenako anati, "Kope lachiwirili n'labwino kuposa loyamba. Koma ndilibe masekondi 24, ndilibenso oyimba 48. Ndipo m'holo simudzakhala munthu amene ankawadziwa bambo ako."

Ndinati, "Mudzakhala ine."

Ndinayesa njira zonse. Kutsitsa oyimba onse ndi kompyuta kufika pa F kukuchititsa mavayolini kumveka ngati ali m'madzi, ndipo polowa kuchoka pa D pakugundana moti ngakhale mlonda wa pageti anakwinya nkhope. Dayirekitala anati ndisankhe: liwu likhale pa 72 monga tinagwirizana, kapena lichoke.

Ndalichotsa. Nyimbo ya bambo iyimbidwa ndi chelo, vayolini wamkulu uja woyimika pansi, pa G ndi pa 72. Woyimba wake anabwera dzulo kwa ola limodzi. Dzina lawo lilembedwa mwa tizilembo tating'ono ngati wopeka, koma m'filimumo simudzakhala liwu lawo. Dayirekitala sanakondwe. Ankanena za filimu yachiwiri chaka chamawa, tsopano sakuyitchulanso, ndipo moni wake wafupika.

Sindikudziwa ngati ndachita bwino. Sindinathenso kukukwiyirani, ngakhale ndinayesetsa. Ndatumiza kope lokonza kwa achemwali. Wotchi ndayisiyamo.

Gogoda wanu


13 Epulo
Kalata ya 115

Mwana wanga,

Moni. Kwa dokotala ndinapita Lachisanu. Akuti ndi ukalamba, zomwe ndikanamuuza ndekha.

Za filimu yachiwiri zikundisowetsa mtendere. Sindikuuza kuti wachita bwino, chifukwa amene angasowe ntchito ndi iwe, ine ndili pampando. Undilembere dayirekitala akayankhula, kaya zabwino kaya zoyipa. Usadikire masiku 73.

Mlongo wako anabwera dzulo masana. Chichokereni ku sitolo kuja tinali tisanayankhulane bwino. Anayika foni patebulo lomwe lija, pansi pa wotchi, n'kukhala kumapeto kwa mpando ngati mlendo. Ine ndinatenga pensulo ndi pepala kuti ndiyeze ntchito yako.

Kunayamba F wa limba langa. Kenako wotchi ya m'foni inagwera pamodzi ndi ya pakhoma, moti sindinathe kusiyanitsa kuti ikugunda ndi iti. Kenako bambo ako analowa m'chipinda.

Pomwe akukoka mpweya paja, ndikukumbukira, anandiyang'ana n'kundikodola ndi nsidze kuti ndisazimitse. Ndinali nditayiwala zimenezo. Mlongo wako anati, "Amayi, pensulo yagwa." Ndinati isiye.

Nyimboyi ndi ya mphindi zitatu ndi masekondi 36. Masekondi 24 amenewo ndinawalanda bambo ako ndi kabuku kanga, ndipo ndinakubisira zaka zisanu ndi zinayi. Iwe wawabweza, ndipo wawalipirira ndi ntchito yako. Ndalemba kuti zikhale m'faelo.

Itatha ndinati ayibwereze. Mlongo wako anasendera pafupi. Tiyi anazizira m'makapu onse awiri.

Akuti tinamvetsera kasanu. Ndangomukhulupirira.

Mayi ako